Khadi Lopindidwa Ngodya

Ndalama za ofesi ya kazembe wa Austria ku Den Haag, m'dziko la Holland, zinkanyamuka ku Vienna zili zonenepa, n'kufika zitawonda. Za mwezi wa Disembala 1921 zinali makorona a ku Austria miliyoni imodzi. Tsiku lomwe a ku unduna anasaina pepala, miliyoniyo ikanagula magilida a ku Holland 480. Pepalalo linagona m'njira masiku asanu ndi anayi, ndipo Ottilie Sedlak atalifikitsa kubanki, kalaliki anayang'ana pa bolodi, anayang'ana Ottilie, n'kumuwerengera magilida 362 ndi nkhope ya munthu wopepesa maliro.

"Mukanabwera dzulo, Juffrouw."

"Mwezi watha munateronso."

"Mwezi wathanso zinali zoona."

Nkhondo isanayambe, ofesiyi inali ndi nyumba ya zipinda makumi awiri, antchito khumi ndi anayi, ndi ngolo yokokedwa ndi akavalo awiri ofanana. Tsopano inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya tchizi ya mayi wina, Mevrouw Kuyk. Lipoti lililonse lopita ku Vienna linkanyamuka likununkhira tchizi, ndipo kunkamveka kuti a ku unduna, omwenso anali ndi njala, ankayamba alinunkhiza asanaliwerenge. Kazembe weniweni anaitanidwa kumudzi chaka chapitacho, boma litalephera kumulipira. Anatsala a Kajetan Ladurner, a zaka 63, omwe aliyense ankawatchula ndi dzina laulemu lakuti Herr Hofrat, ngakhale mfumu yomwe inawapatsa dzinalo inali itamwalira ndipo ufumu wake utadulidwa nthulinthuli. Ntchito zina zonse zinali za Ottilie: kutayipa, kuyankha belu, kuthamangira kubanki, kukoleza mbaula.

Atangofika, Ottilie ankawaona a Ladurner ngati wotchi yakale yomwe anthu anaiwala kugulitsa. Anasintha maganizo atayamba kusunga kabokosi ka ndalama. Mwezi ukatha, mkuluyo ankati ayambe lendi, kenaka malipiro a Ottilie, kenaka malasha ndi masitampa, ndipo chotsalacho ndicho chinali malipiro awo. Masana ankatambasula nyuzipepala pamaso pawo, n'kudyera kuseri kwake kabuledi kopanda kanthu. Ottilie anaphunzira kutayipa mwaphokoso nthawi imeneyo.

Chomwe sankauza munthu n'chakuti mtengo wa korona womwe unkapha ofesiyo ndi womwenso unkadyetsa kwawo. Pa malipiro ake ankapatula magilida khumi ndi awiri n'kutumiza ku Vienna. Kuno ndalamayo inali ya nsapato. Kumeneko inkasanduka mtolo wa makorona wokwanira buledi, malasha ndi lendi ya mayi ake ndi mchimwene wake Ferdl, yemwe anasiya mwendo wakumanzere pa mtsinje wa Piave pomenyana ndi Ataliyana. Korona ikagwa, m'mawa Ottilie ankadandaula limodzi ndi a Ladurner, madzulo n'kulembera mayi ake mtima uli m'malo.

Kalata yoipa inafika pa 28 Disembala. A Ladurner anaiwerenga ataimirira, monga ankachitira ndi kalata iliyonse ya boma, kenaka anaipereka kwa Ottilie.

Unduna unkati maofesi akunja akudya ndalama zakunja zomwe dziko lilibe. Austria ankapempha ngongole kwa mayiko omwe anapambana nkhondo, koma pa zaka zitatu ofesi ya ku Den Haag inali isananenepo kuti yakhala pansi ndi kazembe ngakhale mmodzi wa mayikowo. Ngati zinthu sizisintha, ofesi itsekedwe pa 31 Malichi, ogwira ntchito abwerere kumudzi.

Kubwerera kumudzi kunali kukalandira makorona, ndipo Ottilie ankadziwa kuti malipiro a wotayipa wa ku Vienna sankakwana kudyetsa mphaka, osanena za anthu atatu.

"Akunena zoona," anatero a Ladurner.

"Zoona bwanji, Herr Hofrat? Anthu amenewa akationa mumsewu amayamba kusirira mitengo."

"Sanalembe kuti mlandu ndi wathu. Alemba kuti sitinakhale nawo pansi. Tayang'anani mpando wa alendowo. Wakhalapo ndani chichokereni Isitala?"

"Mevrouw Kuyk."

"Amenewo nkhondo sanapambane, ngakhale lendi amatolera ngati opambana."

"Ndiye titani?"

"Tigwire ntchito, Fräulein Sedlak. Chaka chatsopano chili pafupi. Makadi."

Chaka chikamayamba, kazembe aliyense ankasiya khadi la dzina lake pakhomo pa akazembe anzake onse. Khadi losalala linkatanthauza kuti watuma wantchito, ndipo yankho lake linali khadi losalalanso, lobwera ndi wantchito. Koma ngodya yapamwamba ikapindidwa, khadilo linkanena kuti mwini wake anafika yekha ndi miyendo yake, ndipo wolandirayo analibe pothawira: ankayenera kubweza ulendowo iye mwini pasanathe masiku awiri. Chithereni nkhondo, pakati pa opambana ndi ogonja pankangoyenda makadi osalala. Mapepala ankayenderana mokhulupirika. Eni ake ayi.

Kusindikiza makadi atsopano zana kunali magilida anayi. M'kabati munali bokosi la makadi a mu 1913, a pepala lolimba loyera ngati mkaka, dzina pakati, ndipo pangodya yakumanzere pamwamba panali chiwombankhanga cha mitu iwiri, chizindikiro cha mfumu. Ottilie anatenga sizasi n'kudula kamzere pamwamba pa khadi lililonse, mbalame zikugwera m'mbale imodziimodzi. A Ladurner anatola khadi limodzi lodulidwa, analitembenuza uku ndi uku.

"Lachepa."

"Ngati dziko lathu, Herr Hofrat."

"Dziko lathu analidula mokhotakhota. Inu mwawongola. Akanakuitanani ku Paris podula malire."

Zaka zina makadi ankanyamula mlonda wa pakhomo, koma ntchito yake inatha mu Okutobala. A Ladurner anali ataterereka pa ayezi tsiku la Khirisimasi, bondo litatupa ngati mpira. Choncho pa 2 Januwale Ottilie anavala jasi lake, anaika makadi m'chikwama.

"Osalala onse," a Ladurner anamuuza. "Muike pa mbale, mutembenuke, muzipita. Osalankhula. Makamaka kwa Ataliyana."

A Ladurner anabadwira ku Meran, tawuni yomwe pangano la mtendere linapereka kwa Italiya pamodzi ndi manda a makolo awo. Nkhaniyi sankaikamba. Ankangotembenukira kumbali akamva wina akutchula tawuniyo m'Chitaliyana.

Makomo anali 41. Kunkagwa chipale chosungunuka, chomwe sichiyeretsa msewu koma chimadziwa kulowa m'nsapato. Ottilie anayamba ndi osavuta, mayiko omwe nkhondo anaionera pawindo. Pakhomo la kazembe wa Sweden mphepo inamulanda khadi limodzi n'kuliponya m'ngalande, ndipo analiona likuyandama pakati pa abakha, dzina la a Ladurner likuyang'ana kumwamba. Sanadandaule, chifukwa anakumbukira kuti ponyamuka anaponya lina lapadera pansi pa chikwama. Anadutsa kwa Angelezi, kwa Afalansa, kwa Amereka, komwe antchito ankalandira khadi osayang'ana amene walibweretsa. Ataliyana anawasiyira kumapeto, monga munthu amazengerezera kukazula dzino.

Anatsegula ndi wantchito wamtali wa magolovesi oyera, mbale yasiliva ili m'manja. Ottilie anapisa m'chikwama, anatulutsa khadi lomalizalo, ndipo lili m'njira anaona mbalame. Lapaderalo analitenga m'bokosi, osati pa mulu wa odulidwa. Chiwombankhanga chinali pomwepo, mutu umodzi ukuyang'ana Ottilie, winawo ukuyang'ana Mtaliyana.

Kubwerera osasiya khadi kunali kutukwana dziko lonse la Italiya. Kulisiya chomwecho kunali kuika pa mbale mbalame yomwe inali pa mabatani a Ferdl masiku omwe ankawombera abale a anthu a m'nyumbayi. Sizasi inali kuofesi. Mbale inali pamaso pake. Chala chachikulu chinaganiza msanga kuposa mutu: chinapinda ngodya, mbalame n'kubisala.

Wantchitoyo anayang'ana khadi, kenaka anasuzumira pamwamba pa phewa la Ottilie, mumsewu momwe munali njinga imodzi ndi galu.

"Olemekezeka abwera okha?"

Ottilie anauzidwa kuti asalankhule. Anamvera.

A Ladurner anamvetsera nkhani yonse mwendo uli pa bokosi la mafayilo. Ottilie atamaliza, mkuluyo anavula magalasi.

"Ngodya iti?"

"Yakumanzere, pamwamba."

"Munapinda mowongoka?"

"Herr Hofrat, ine ndikuti ndakulakwirani."

"Ndamva. Ndikufunsa ngati munapinda mowongoka."

"Mowongoka."

"Chabwino. Bodza lokhota likanandipweteka kawiri." Anapukuta magalasiwo nthawi yaitali. "Zaka 38 ndili m'ntchito muno. Ndabisapo zambiri, imeneyo ndiye ntchito yake. Koma sindinasiyepo pepala la dzina langa lonena zomwe sindinachite."

"Ndiye tilembe kalata. Munene kuti ndi kamtsikana kopusa, mwakachotsa ntchito." Mawuwo anatuluka okha, ndipo atatuluka m'pamene Ottilie anaona nkhope ya mayi ake.

"Ndilembere kazembe wa Italiya kuti pepani, moni uja sunali wanu, bwezani? Ayi. Pamenepo pangayambire nkhondo ina, ndipo tilibe ndalama zoigonjera. Komanso ndikakuchotsani, mbaula akoleza ndani? Ine ndinaphunzira zamalamulo."

M'mawa mwake kunafika kakalata ka mizere itatu. Commendatore Ercole Guidarelli, kazembe wa Italiya, adzafika mawa 11 koloko.

Ottilie anatsikira kusitolo. Pasanathe ola Mevrouw Kuyk anali pa masitepe, atakumbatira mpando wofiira wofewa womwe unkawabisa nkhope.

"Suntha, mwanawe. Kuli inanso iwiri, ndi kapeti, ndi chithunzi cha ng'ombe."

A Ladurner anaimirira ndi ndodo yawo. "Mevrouw, mtima wanu ndi wabwino, koma mpando ubwerere."

"Bwanji? Mwaona nsikidzi?"

"Ndi wokongola mopitirira. Munthuyu akubwera kudzaona Austria. Akakhala pa mpando umenewo aona Holland."

"Ndiye aone chiyani? Mpando wothyoka mwendo ndi nkhalamba yothyoka bondo?"

"Limenelo ndiye lipoti lolondola."

"Amuna inu! Malasha mulibe, koma khosi lili gwa ngati tambala wa pamwamba pa tchalitchi."

"Khofi yekha, Mevrouw. Mlendo ayenera kumwa. Mulembe pa dzina langa. Boma langa musamalikongoze."

Mevrouw Kuyk anatsika ndi mpando wawo akung'ung'udza m'Chidatchi, n'kubwerera ndi khofi weniweni, wosasakaniza, ndi makapu awiri a maluwa a buluu. Ottilie anakwiya tsiku lonse. Mmene ankaonera iye, ntchito yake inatsika masitepe limodzi ndi mpando uja, chifukwa munthu wobwera pa galimoto sakambirana ndi opemphetsa.

Galimotoyo inaima 11 koloko ndendende. A Guidarelli anali munthu wamfupi, wa ndevu zometa bwino, wa kansalu kakuda pamkono wa jasi. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, fungo la tchizi likuwaperekeza. Mbaula inali imodzi, ndiye Ottilie sakanathawira chipinda chinacho popanda kuuma. A Ladurner anamukodola kuti akhale pa tebulo lake la makina. Akuluakulu awiriwo anagwirana chanza mwamsanga ngati chikuotcha, n'kuyamba Chifalansa.

Mlendo sanavule jasi. Anayang'ana mabokosi a mafayilo ounjikidwa mpaka kudenga, anayang'ana ndowa ya malasha yomwe pansi pake pankaoneka. Ottilie anathira khofi. Kapu ya mlendo inakhala pomwe anaiika.

Anakamba za nyengo. Anakamba za mphepo ya kunyanja, ndi kuti chaka chino yanyanya, ndi kuti chaka chathanso inanyanya. Mphepo itatha, a Guidarelli anatulutsa khadi m'thumba, analiika patebulo, n'kutambasula ngodya ndi chikhadabo.

"Mbalame yanu ikuulukabe."

"Inafa kale, Excellence. Koma makadi atsopano ndi magilida anayi. Pa mtengo wa lero ndi makorona 12,000, ndipo nkhondo isanayambe ndalama imeneyo inali malipiro anga a chaka chathunthu. Tikuisunga chifukwa tilibe ndalama za maliro ake."

Mlendo sanaseke, koma ndevu zinagwedezeka.

"Wantchito wanga akuti pakhomo sanaone mwamuna. Akuti anaona mtsikana wonyowa. Ndikufunsani mosapita m'mbali, Monsieur. Munabwera?"

Ottilie anayang'anitsitsa mabatani a makina ake. Mayankho anali awiri okha. A Ladurner akanati inde, n'kukhala wabodza pamaso pa munthu wodziwa kale zoona. Akanati ayi, n'kumuloza iye, ndipo mlendo akanaimirira pomwepo, chifukwa kazembe sabweza ulendo wa wotayipa.

"Ofesi ya kazembe wa Austria ku Den Haag ili ndi anthu awiri," anatero a Ladurner. "Onse mukuwaona. Theka la ofesi linafika pakhomo panu lokha, wapansi, litayenda kale makomo makumi anayi. Theka linalo lili ndi bondo ili. Ndikukayika ngati pali dziko lina lomwe linakutumiziranipo theka la ofesi yake." Anakonza ndodo yawo pakati pa miyendo. "Ngodya anapinda ndi iye, osati ine. Koma ndaganiza masiku awiri, ndipo ndaona kuti ndikanakhala munthu wolimba mtima ndikanaipinda ndekha zaka ziwiri zapitazo. Choncho ndikuivomera."

A Guidarelli anatembenuka n'kuyang'ana Ottilie, koyamba ngati munthu osati kabati.

"Mademoiselle, kunkhondo kunapita wanu?"

"Mchimwene wanga. Ku Piave. Anasiyako mwendo."

"Piave." Dzanja lawo linapita pa kansalu kakuda kaja. "Wanga anatsalako yense. Tsidya linalo."

Palibe anapepesa. M'mbaula malasha anagumuka. A Ladurner ankadziwa mawu oyenera pa chochitika chilichonse m'zinenero zinayi, koma anangoweramitsa mutu, ndipo Ottilie anazindikira kuti mawuwo sanawasowe, anawasiya dala.

Kenaka mlendo anatenga kapu. Khofi anali atazizira. Anamwa yense.

"Munabadwira kuti, Monsieur? Chifalansa chanu chili ndi mapiri."

"Ku Meran."

"Aa. Merano."

"Ku Meran, Excellence. Koma ndamva kuti masiku ano ndine mbadwa yanu. Za msonkho mundikhululukire, ndinali kunja."

Apa a Guidarelli anaseka, kuseka kokhosomola kwa munthu yemwe watenga nthawi asanaseke, n'kumasula mabatani a jasi.

Anakhala mphindi makumi asanu. Ottilie, pensulo ili pansi pa tebulo, analemba zonse pa bondo. Chakumapeto mlendo ananena, maso ali kudenga, kuti awa ndi maganizo ake chabe, osati a boma lake, koma sankaona phindu loti mnansi afe ndi njala pakhomo pa Italiya. Nkhani ya ngongole ingathe kukambidwa. Pamasitepe anatembenuka.

"Ndibweranso Lachiwiri, bondo lanu lisavutike. Khofi ndibweretsa ine. Adatchi ndi anthu abwino, koma amamuphika ngati akuchapa masokosi."

Chitseko chapansi chitatsekeka, a Ladurner anakhala pansi mwadzidzidzi, nkhope itatuwa. Ottilie anayang'ana pawindo mpaka anamva kuti akupuma bwino.

"Akuti maganizo ake chabe," anatero Ottilie.

"Kazembe alibe maganizo akeake, Fräulein. Tengani pepala. Telegalamu."

Kalata ikanagona masiku asanu ndi anayi m'njira n'kukagonanso pa mulu. Telegalamu inkafika pa tebulo la nduna tsiku lomwelo. Koma inkalipiridwa masenti 18 pa liwu lililonse, ndipo m'kabokosi munali magilida atatu ndi masenti 20, ndalama ya malasha mpaka za Januwale zifike.

"Mawu 17," anatero Ottilie. "Adiresi idya asanu. Atsala khumi ndi awiri."

A Ladurner anatsinzina n'kuyamba kulakatula monga anawaphunzitsira ali mnyamata. "Ndili ndi ulemu waukulu wodziwitsa Olemekezeka kuti lero, nthawi ya 11 koloko m'mawa..."

"Mwatha kale, Herr Hofrat. Mlendo sanalowe n'komwe."

"Nduna simuilembera ngati mukuitana galu."

"Ulemu ndi masenti 18 liwu limodzi."

"Mwana wa masiku ano. Dulani, koma mofatsa."

Analimbana theka la ola. Ottilie anadula ulemu waukulu, anadula Olemekezeka, anadula nthawi, anadula mphepo ya kunyanja yomwe mkuluyo ankati ikuonetsa mmene zokambirana zinayambira. Liwu lililonse a Ladurner ankalitsanzika ngati m'bale wokwera sitima. Pomaliza pa pepala panatsala izi: Kazembe wa Italiya wabwera yekha. Wamwa khofi. Akuti ngongole ikambidwe. Abweranso Lachiwiri.

Ottilie anaika pensulo pa mawu awiri apakatiwo. "Awa achoke. Tiikepo kuti tumizani ndalama."

"Ayi."

"Herr Hofrat, malasha tikugulitsa kuti tiuze nduna zoti munthu wamwa khofi?"

"Tumizani ndalama amalandira makumi atatu pa tsiku, kuchokera ku ofesi iliyonse yomwe yatsala. Wamwa khofi sanalandirepo chithereni nkhondo. Aliyense wa ku unduna yemwe anakhalako kunja amvetsa. Kubwera, mwambo unamukakamiza. Kumwa sanamukakamize munthu."

Ottilie anaganiza za kapu ija, mmene inakhalira yosakhudzidwa mphindi makumi awiri, n'kuchotsa pensulo. Anavala jasi, anathamangira ku positi, ndipo anabwerako ndi masenti 14.

Masabata otsatirawo anagwira ntchito atavala majasi. Ottilie ankatayipa ndi magolovesi odula zala. Mevrouw Kuyk anayamba kuiwala kutseka chitseko cha pansi pa masitepe, kutentha kwa sitolo n'kumakwera, ndipo ankakalipa wina akawakumbutsa. A Guidarelli anabwera Lachiwiri lija, anabweranso lotsatira, ndipo ulendo wachitatu anakoka kazembe wa Belgium, yemwe anakhala pa bokosi la mafayilo, chipewa chili pa mawondo, osamwa kanthu, koma anakhala. Malipoti amenewa anapita ndi positi wamba. Ndalama za Januwale zinafika zitawonda kuposa za Disembala. Za tsogolo la ofesi, ku Vienna kunali zii. Ottilie ankawerenga masiku otsala kuti 31 Malichi ifike, ndipo kwa mayi ake ankangolemba za nyengo.

Yankho linafika pa 9 Febuluwale. A Ladurner analiwerenga kawiri, nkhope yosanena kanthu, n'kulipereka.

Ndime zinali zitatu. Yoyamba inkati ofesi ya ku Den Haag ikhalebe yotsegula mpaka 31 Disembala, ndipo nkhani yake idzaonedwenso nthawi imeneyo. Yachiwiri inkati ndalama zake zikhala makorona omwewo, osawonjezera. Yachitatu inkati telegalamu ija inatumizidwa popanda chilolezo, choncho magilida atatu ndi masenti asanu ndi limodzi achotsedwa pa malipiro a Herr Hofrat, ndipo m'tsogolo malipoti asamanene za zakumwa. Koma m'mphepete mwa ndimeyo wina wosasaina analemba ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono: Wamwa yense?

Ottilie anabwerera ku ndime yoyamba, anaiwerenganso, chala chili pa Disembala. Kenaka anakhala pa mpando wa alendo.

"Mwaona, Fräulein Sedlak? Tapatsidwa chilolezo chozizidwa mpaka chaka chithe."

Anafuna kuwauza zambiri, koma a Ladurner sanali munthu womuuza zambiri. "Magilida atatuwo ndibweza ine," anatero. "Ngodya ndinapinda ndine."

"Ndinaivomera pamaso pa mboni. Ndi yanga. Mukufuna kundilanda chinthu chanzeru chokhacho chomwe ndachita chithereni nkhondo?" Anayang'ana wotchi. "Muli ndi mphindi khumi positi isananyamuke. Ndikuganiza kuti muli ndi wina womulembera. Pepala la boma musatenge."

Ottilie anatulutsa pepala lake m'chikwama, analilowetsa m'makina, anapemerera zala.

Amayi okondedwa, anayamba, pali nkhani yomwe ndakhala ndikukubisirani masabata asanu ndi limodzi. Khalani pansi, koma musaope. Ferdl akagule ndodo zatsopano.